Msoko Umene Unamasuka M'khosi Mwanga

Batani la pakhosi ndi limene linayamba kundichenjeza. Ndine telala, ndipo bulauzi yoyera ya Chigwirizano imene ndinkavala nthawi imeneyo ndinadzisokera ndekha, pa muyeso wa khosi langa umene unali usanasinthepo chikwatiwire: mainchesi 14. M'mawa wina tikukonzekera kupita kumaliro a mayi mnzathu wa mumpingo, batanilo linalowa mokakamiza, kolala n'kukhala mopendekera. Nditabwerako ndinavula bulauziyo, kuiyala pathebulo, kuiyeza ndi tepi mbali zonse. Nsalu inalibe mlandu. Ndinaika tepi pansi n'kuyendetsa zala pakhosi. Cha kumanja, m'munsi mwa kholingo, panali kanthu kolimba ngati nzama youma. Sikankapweteka. Ndikameza malovu kankakwera, kenako n'kutsika.

Sindinachite mantha, ndipo chifukwa chake chinali agogo anga. Agogo obala mayi anga, kwathu kumapiri a Dedza, anali ndi chithokomiro chachikulu ngati chikho, chochita kulendewera, moti mikanda yawo inkakhala pamwamba pake. Anali nacho ine ndisanabadwe. Ankalima nacho, ankasenza nacho mitolo ya nkhuni, analera nacho zidzukulu, ndipo chimene chinawatenga atakalamba ndi chibayo. M'mudzi mwathu amayi otere analipo angapo. Dothi la kumapiri limakhala losauka ayodini chifukwa mvula inamukokolola kalekale, mchere wa pamsika nawo unalibe, ndipo lamulo loti mchere uzithiridwa ayodini linadzabwera mu 1995. Kachiwalo ka pakhosi, kotchedwanso chithokomiro, kakamasowa ayodini kamakula, pofuna kutola ngakhale wochepa amene akudutsa m'magazi. Ndiye ine pogwira kanzama kanga ndinkangoti mumtima: cha agogo chinali chikho chathunthu koma sanafe nacho, nanji aka.

Kuchipatala chaching'ono cha kudera kwathu anandigwira pakhosi mwachangu, panja mzere uli mbwee, n'kunena kuti, "N'chithokomiro ichi mayi, muzidya mchere wa m'paketi." Mchere wa m'paketi ndinkadya kale. Ndinabwerera pakhonde panga kukapalasa makina, ndipo panatha chaka ndi miyezi iwiri. Amene anandionayo sindikumutcha woipa. Pa zotupa 10 za m'chithokomiro, pafupifupi 9 sizikhala khansa, ndipo iye analankhula zimene amaona kawirikawiri. Koma chotupa cholimba, chokhachokha, cha mbali imodzi, chimayenera kukajambulidwa. Mawu amenewo sanatuluke pakamwa pake, ndipo miyezi 14 ija imandiwawabe.

Kenako kunatuluka mwanabere m'mbali mwa khosi. Mwanabere tonse timamudziwa: amabwera ukakhala ndi chilonda kapena dzino likamawawa, amapweteka, chilonda chikapola nayenso amaphwa. Uyu analibe chilonda chomuitana, sankapweteka, ndipo sanaphwe. Apa m'pamene nkhani zinayambira kunyumba. Apongozi anga, mwachikondi ndithu, anandiitanira kuseri. "Mwana wanga, pakhonde paja muli matelala atatu, koma makasitomala akukhamukira kwa iwe wekha. Ukuyesa anzako akukondwera?" Ananditemera mphini ziwiri pakhosi. Mphinizo sizinandipweteke kwenikweni, koma mawu aja analowa. Pakhonde pathu panali bambo wina wachikulire amene ankandibwereka bobini ndi mafuta a makina kuyambira tsiku limene ndinafika. Ndinayamba kumuyankha moni ndi mphuno. Akandipatsa chinangwa chootcha ndinkalandira, iye akatembenuka n'kuchitaya m'ngalande.

Amuna anga ndi amene anaumirira kuti tipite kuchipatala chachikulu mumzinda. Kumeneko anandigoneka chagada, pilo kunsi kwa mapewa, kundipaka mafuta ozizira pakhosi n'kuyendetsapo kamakina ka sikani. Adokotala anakhalitsa pamalo amodzi osalankhula. Kenako anatembenuzira sikirini kwa ine. "Mayi, taonani m'mphepetemu. Chotupa chosaopsa nthawi zambiri chimakhala ndi malire osalala ngati dzira. Ichi m'mphepete mwake muli manomano." M'kati mwake munalinso timadontho toyera ngati mchenga. Ndi singano yopyapyala anayamwa pang'ono za m'chotupamo ndi za mwa mwanabere muja. Patatha milungu itatu m'kabuku kanga ka kuchipatala munalembedwa mawu awiri amene ndinaphunzira kuwatchula ngati dzina la m'bale: papillary carcinoma.

Adokotala sanandibisire. Anati mwa anthu 10 odwala khansa ya chithokomiro, pafupifupi 8 amakhala ndi mtundu umenewu, kuti imakonda akazi kuwirikiza katatu poyerekeza ndi amuna, imakula pang'onopang'ono, ndipo oposa 9 mwa 10 amakhala ali moyo zaka 10 zitadutsa ngati alandira chithandizo. Anatinso inali itadumphira kale mwa anabere. Ndinafunsa funso limodzi lokha: kanthu kosakwana masentimita awiri kangadumphe bwanji, pamene chikho cha agogo chinakhala pamalo amodzi moyo wawo wonse? Anati funsolo ndi labwino, koma panja panali odwala ena ambiri.

Anachotsa chithokomiro chonse, kachiwalo kooneka ngati gulugufe kolemera pafupifupi magalamu 20, pamodzi ndi anabere a mbali ya kumanja. Anacheka mopingasa, potsatira khwinya la khosi, kuti chipsera chidzabisale m'menemo. Mdulidwe umenewu madokotala amautcha wa kolala, ndipo umadziwika ndi dzina la Theodor Kocher wa ku Bern m'dziko la Switzerland, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1909 chifukwa cha ntchito yake pa chithokomiro. Atachotsa bandeji ndinapempha kalilole. Msoko unali woongoka, nsonga zokumana bwino, popanda pofutukuka. Manja amene anasoka pamenepo ndimawalemekeza mpaka lero.

Usiku wachiwiri milomo inayamba kuchita dzanzi, zala n'kumapindikira m'kati zokha. Mng'ono wanga amene anali gadiyani anathamangira anamwino. Kumbuyo kwa chithokomiro kumakhala timatulutsa-mahomoni tinayi tating'ono ngati njere za mpunga, timene timasunga mlingo wa kashiamu m'magazi, ndipo opaleshoni ikatigwedeza timayamba tagona kaye. Anandipatsa kashiamu m'diripi, zala zinatambasuka. Mawu nawo anasasa, chifukwa mtsempha woyendetsa mawu umadutsa chogundana ndi chithokomiro. Ine amene ndinkayambitsa nyimbo ku Chigwirizano ndinakhala miyezi itatu ndikungoyendetsa milomo.

Panatsala chithandizo cha ayodini wa mphamvu ya nyukiliya, chopsereza timaselo totsalira, ndipo nthawi imeneyo kwathu kuno kunalibe. Ndinagulitsa makina anga a ovaloko, achimwene anga a ku Johannesburg n'kuwonjezera. Ndinakwera basi ya ku Johannesburg komweko, yodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge. M'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi pasipoti, ndinanyamula timabokosi tapulasitiki titatu timene a kulabu anandipatsa kuti madokotala a kumeneko akaonenso okha. M'kabokosi kalikonse munali phula longa la kandulo, ndipo m'kati mwa phulalo kachidutswa ka khosi langa. Ulendo wonse chikwamacho sindinachiike pansi.

Mwana wamkazi wa achimwenewo amagwira ntchito mu labu yocheka tizidutswa totere. Amazisenga mopyapyala kuposa pepala la fodya, kuziika pagalasi, kuzinyika mu utoto kuti dokotala aone pa maikulosikopu. Madokotala anga ataunikanso zanga, ndinapempha zithunzi zake, ndipo madzulo ena iye anakhala nane pakompyuta kukhitchini. Funso langa lija analiyankha ndi iyeyo, ndipo ndikulemba umboni uno makamaka chifukwa cha madzulo amenewo.

"Azakhali, tiyambe ndi pabwino," anatero. Chithunzi choyamba chinali cha mbali ya chithokomiro changa imene inalibe matenda. Ndinaona timabwalo tambirimbiri, kalikonse kozunguliridwa ndi mzere umodzi wa maselo, ngati amayi atazinga mphasa. Pakati pa bwalo ndi pamene pamasungidwa zopangira mahomoni. Selo lililonse lili ndi kumaso ndi kumbuyo ngati nsalu: kumbuyo limayamwa ayodini kuchokera m'magazi, kumaso limathira m'kati mwa bwalo. Mitima ya maselo inali ya buluu. Koma chimene chinandigwira maso ndi kamzere kofiirira kodutsa paliponse pamene selo lagundana ndi linzake, kosaduka, kosalala, ngati msoko wa makina ongothiridwa mafuta kumene.

"Kamzere ako ndi puloteni yotchedwa E-cadherin," anatero. "Utoto tathirawu umagwira pamene pali iyoyo pokha." Anandifotokozera kuti puloteni imeneyi imaboola khungu la selo, mbali ina kunja, mbali ina m'kati. Ya kunja imakolana ndi inzake yochokera ku selo loyandikana nalo, zikwizikwi motsatizana. Ndinati, ndiye ndi zipi imeneyo. Anavomera, nawonjezera kuti mano a zipi imeneyi amauma n'kugwira pokhapokha pali kashiamu. Kashiamu akachoka amafewa n'kutayana. Wasayansi wa ku Japan, Masatoshi Takeichi, ndi amene anasonyeza mu 1977 kuti maselo ali ndi kagwiranidwe kodalira kashiamu, ndipo dzina loti cadherin, limene gulu lake linapereka m'zaka za m'ma 1980, limachokera pa mawu a Chingerezi onena za kashiamu ndi kumamatirana.

Mtima wanga unagunda. Ndinakumbukira zala zopindika zija. Ndinafunsa ngati ndinadziputira ndekha matendawa posamwa mkaka kapena posadya usipa wokwanira. Anandigwira dzanja. "Ayi azakhali. Kashiamu wa pakati pa maselo thupi limamusunga wokwanira nthawi zonse. Chimene chinasowa ndi mano a zipiwo."

Telala aliyense amadziwa kuti zipi siigwira ntchito ngati nsalu yake sinasokereredwe pa diresi. Ndi mmenenso zilili m'selo. Mbali ya m'kati ya E-cadherin imagwiridwa ndi mapuloteni otchedwa catenin, ndipo iwowo amaimangirira ku timaulusi tolimbitsa selo. Maselo akagwirana chonchi amadziwa malo awo, amadziwa kumaso ndi kumbuyo, ndipo akamva kuti anzawo awapanikiza mbali zonse amaleka kuswana. Chithokomiro cha agogo chinali chotere. Mabwalo anachuluka, ena anafufuma, koma maselo ake ankagwiranabe. Inali nsalu yaikulu yopindidwa bwino m'mphepete.

Kenako anatsegula chithunzi chachiwiri. Pakati pa chotupa changa mabwalo aja panalibe. Maselo anali atasanjana ngati tizala totuluka, ndipo mitima yawo inali yotuwa m'kati, yothithikana. Komabe kamzere kofiirira kanalipo ndithu. Ndinadabwa. Iye anasuntha chithunzicho pang'onopang'ono kulowera m'mphepete, kumene chotupa chimakumana ndi mnofu wabwino, kumene adokotala aja anaona manomano. Mzerewo unayamba kuzilala. Penapake unkaoneka, penapake ayi, ndendende mmene msoko umakhalira makina akamadumpha. Chakumapeto kwenikweni kunali timagulu ta maselo atatu kapena anayi, ena okhaokha, otalika ngati njere za nkhaka, opanda mzere uliwonse, atalowerera m'mnofu. Ndinayandikira mpaka mphuno kufuna kugunda sikirini. Ntchito yanga yonse ndakhala ndikuuza ophunzira kuti nsalu siiyamba kutha pakati, imayoyoka kuchokera m'mphepete ngati sunaipinde. Ndinali kuona zomwezo m'khosi mwanga.

Anati m'khansa ya chithokomiro, malangizo opangira E-cadherin, amene ali mu jini yotchedwa CDH1, kawirikawiri sakhala atawonongeka. Amangotsekeredwa. Pali mapuloteni ena, monga Snail, Slug ndi Twist, amene amakhala pamwamba pa jiniyo kuti isawerengedwe. Mapuloteni amenewa si achilendo m'thupi. Mwana akamaumbika m'mimba, maselo ena amayenera kusiya anzawo n'kusamukira kumene kukapangike chiwalo china, ndipo chilonda chikamapola maselo a m'mbali amamasuka kuti akwawe n'kutseka bala. Khansa imatsegula njira yakale yomweyo pa nthawi yolakwika. Chimene chimayambitsa ndi kulakwika kwa malangizo ena m'kati mwa selo limodzi. Pafupifupi theka la khansa za mtundu wangawu zimakhala ndi kulakwika kotere mu jini yotchedwa BRAF, kumene kumachititsa selo kumva lamulo loti liswane ngakhale palibe walamula. Kulakwikako kumachitikira m'chithokomiro momwemo munthu ali kale moyo, ndipo sikuchokera kwa mnansi.

Sikuti zomatira zonse zimangotha ayi, zimasinthana. Pa lipoti langa panali mzere wolembedwa CD56 ndi chizindikiro chosonyeza kuti palibe. Imeneyonso ndi puloteni yogwirizanitsa maselo. M'chithokomiro chabwino imakhalapo, koma m'khansa ya papillary imasowa, moti madokotala amagwiritsa ntchito kusowa kwakeko posiyanitsa khansa ndi chotupa wamba. Pamene izi zikuchepa, zina zimachuluka. Claudin-1 imachuluka m'khansa imeneyi. Fibronectin, imene ili ngati ulusi woyalidwa kunja kwa maselo, imachulukanso, ndipo selo limaugwira ndi timanja totchedwa integrin n'kumadzikoka. Selo limene lataya dzanja la mnzake limagwira chingwe cha panjira. Likafika pa timitsempha topyapyala tonyamula madzi a m'thupi limalowamo, ndipo poima poyamba ndi mwa mwanabere. Mtundu wina, wa follicular, umakonda kuboola chikuto cha chotupa n'kulowa m'mitsempha ya magazi, kukatulukira m'mapapo kapena m'mafupa.

Ndinamufunsa chimene chimachitika mzere uja ukatheratu ponseponse. Anazengereza, kenako anandiuza. Pali mtundu wotchedwa anaplastic, wosowa, wogwira munthu mmodzi kapena awiri mwa 100 odwala khansa ya chithokomiro, makamaka okalamba. Mmenemo E-cadherin imakhala itapita pafupifupi yonse, maselo saonekanso ngati a chithokomiro, khosi limatupa m'milungu yochepa, ndipo ambiri satha chaka. Nthawi zina imaphuka pa khansa yofatsa ngati yanga imene yakhala zaka zambiri osachotsedwa. Tinakhala chete. Ndinawerenganso mumtima miyezi 14 ija.

Koma m'kamzere kotsala kaja munalinso chipulumutso changa. Maselo a khansa amene akadali ndi khalidwe la kwawo, ogwiranabe pang'ono, nthawi zambiri amakumbukiranso ntchito ya kwawo, yomwe ndi kumwa ayodini. Amene atayiratu khalidwe amaleka kumwa. Chithandizo chimene ndinadzera chimadalira ludzu limeneli, ndipo dokotala Samuel Seidlin wa ku New York analengeza mu 1946 kuti chathandiza wodwala amene khansa ya chithokomiro inali itamufalikira. Anandisiyitsa mapiritsi a mahomoni kwa milungu ingapo, ndipo kwa milungu iwiri sindinalawe mchere wa m'paketi, nsomba, mkaka kapena mazira, kuti maselo otsalawo amve njala. Ndinafooka, nkhope inatupa, ndinkazizidwa dzuwa likuswa mtengo. Tsiku litakwana anandibweretsera kapisozi mmodzi m'chibotolo cholemera cha mtovu. Ndinameza, onse anatuluka, chitseko n'kutsekedwa. Masiku awiri chakudya ankandisiyira pakhomo. Ndinkamwa madzi kosalekeza ndi kumamung'unya maswiti owawasa kuti malovu aziyenda. Mphamvu ya ayodini ameneyu imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse, choncho ngakhale nditatuluka ndinkagona ndekha, osanyamula mwana. Pa chithunzi chimene anajambula patapita masiku, pakhosi panga pankaoneka timadontho tiwiri takuda. Maselo otsalawo anali atamwa.

Nditabwerera kumudzi, ndisanatsegule n'komwe makina, ndinapita kwa bambo a pakhonde aja. Ndinawapeza akupinda thalauza la sukulu. Ndinagwada pambali pa makina awo, anthu akudutsa, n'kuwauza zonse, za moni uja ndi za chinangwa chija. Anasiya kupalasa. Anakhala nthawi akuyang'ana singano, kenako anati, "Ndinkaona, mayi. Ndinkangoti matenda ndi amene akukusowetsani mtendere. Dzukani, fumbi ilo." Anatsegula kabati ya makina awo n'kutulutsa sizasi yanga yaing'ono imene ndinaiwala pochoka, ataikulunga m'kansalu. Apongozi anga ndinawaonetsa zithunzi zija pafoni, ndi chala ndikulondola kamzere kofiirira mpaka pamene kanathera. Anayang'anitsitsa nati, "Ndiye kuti chinangosomoka chokha." Nkhani ya matelala sanaitchulenso.

Tsopano patha zaka 7. M'mawa uliwonse, ndisanalawe kanthu, ndimameza piritsi la levothyroxine ndi madzi okha, n'kudikira theka la ola kapena kuposerapo ndisanamwe tiyi. Ndidzamwa mpaka tsiku langa lomaliza, chifukwa mahomoni amene gulugufe uja ankapanga tsopano amachokera m'botolo. Mankhwalawa akasowa kuchipatala ndimagula ku famase, ndipo mwezi wotero ndiwo zimachepa pakhomo. Kamodzi pachaka amandiyeza magazi kufufuza thyroglobulin, puloteni imene maselo a chithokomiro okha ndi amene amapanga. Munthu wopanda chithokomiro sayenera kukhala nayo, ndiye ikayamba kukwera ndiye kuti penapake pali selo lija linatayana ndi anzake. Mlungu wodikira zotsatira sindigona bwino, ngakhale zaka zonsezi zakhala zikutuluka zabwino. Mawu anabwerera, kungoti nyimbo zokwera kwambiri ndimasiyira atsikana.

Ntchito yanga imandipatsa makosi ambiri kuposa a dokotala wina aliyense wa m'dera lathu. Ndikamazunguliza tepi, zala zanga zimamva. Mwezi watha kunabwera mayi wina wachitsikana, mwana kumsana, kudzasoketsa bulauzi ya kwaya. Tepi itafika pakhosi chala changa chinagunda kanthu kumanzere. Ndinati, "Achemwali, tamezani malovu." Kanakwera, n'kutsika. Anaseka nati kakhalapo kuyambira ali ndi pakati, sikapweteka, ndipo mayi ake aakulu kumudzi ali nacho chachikulu zedi koma ali bwinobwino. Ndinatsitsa kolala yanga n'kumuonetsa chipsera. Ndinamukhazika pabenchi, kutenga kachidutswa ka nsalu kosapinda, n'kuyamba kusolola ulusi wa m'mphepete umodziumodzi uku ndikumufotokozera. Ndinamuuza kuti mwina si kanthu, poti zambiri sizikhala kanthu, koma akafika kuchipatala anene yekha kuti akupempha sikani ya pakhosi.

Anapita. Anamujambula, n'kumutenganso za m'singano. Bulauzi yake ndamaliza, ili pahang'ala kuseri kwa makina, kolala ndaisiyira mpata pang'ono. Zotsatira akukatenga Lachiwiri likubwerali. Amuna ake ali kutali ku ntchito, ndiye ndamuuza kuti tikumane pa siteji ya minibasi 6 koloko m'mawa. Bambo a pakhonde aja avomera kundilandirira makasitomala tsiku limenelo.